Ayisikilimu Wathonje ku Area 43

"Ndiye makolo awo ndikawauze chiyani? Kuti firiji yangayi ndi sing'anga?"

Awo anali azakhali anga, ataima pakhomo la khitchini, dzanja lina m'chiuno, lina litanyamula kapepala kopindidwa ngati fanulo, pamwamba pake pali thonje lapinki. Ine ndinaima ngati mbuzi yogwidwa m'dimba la eni. Koma dikirani ndiyambire poyambira, chifukwa mukangomva mbali ya azakhali yokha mundiyesa chigawenga.

Nditalemba mayeso a Fomu 4 chaka chatha, bambo anga ku Nkhoma anali atandinolera kale khasu. Anandipulumutsa ndi azakhaliwa. Ali ndi kasukulu ka mkaka ku Area 43, m'nyumba ya lendi, iwo amagona ku boyizikota kuseri. Anati ndibwere ndiziwathandiza podikira zotsatira. "Koma ukangoyamba zachibwana zako zija, basi ya kumudzi ndikakukweza ndekha." Ndinalumbira mpaka kuloza kumwamba.

Aise, masiku amenewo anali okoma. M'mawa magalimoto ndondondo pageti, tiana tikutsika ndi zikwama zazikulu kuposa eni ake, tonse tikukuwa, "Ankolo! Ankolo!" Ine, munthu amene kunyumba amangonditi "iwe", kuno ndinali Ankolo. Mpaka lero ndikamva fungo la guluu mtima umathawira kukhonde lija, maluwa a jakaranda ali mbwee pansi, dzuwa la Okutobala likuwotcha ngati lili ndi mangawa ndi munthu.

Sabata ina azakhali anati ana apange zaluso za ayisikilimu, poti kunali kotentha. Ananditumiza ku Old Town kukagula thonje, guluu, penti ndi mapepala amitundumitundu. Ndinabwerako ngati injiniya. Ntchito yake inali yosavuta: kupinda pepala likhale koni, kunyika thonje mu penti, kumata pamwamba, kuwazapo tonyezimira. Basi.

Vuto linali Zainab. Kamtsikana ka zaka zinayi, agogo ake ali ndi shopu ya nsalu ku Old Town komweko, koma mafunso ake ngati loya wa kukhothi lalikulu. Anayang'ana koni yanga yachitsanzo, kenako anandiyang'ana ine.

"Ankolo, ameneyu amadyedwa?"

"Ayi, ndi wongoonera."

"Ndiye tikupangiranji?"

Ana onse anaika masizasi pansi. Sitalaka! Tadala, kamnyamata konenepa kamene kanadyapo choko chathunthu osadwala, anayamba kale kugubuduka pansi. Azakhali anali mu ofesi, chitseko chili chotsegula. Ndinaona khasu lija likundimwetulira. Pakamwa panga (pakamwa pamenepa padzandiphetsa tsiku lina) panangotseguka pokha.

"Tamverani! Amene apange wokongola, tikamuika mufiriji, mawa asanduka weniweni."

Ete! Simunaonepo anthu akugwira ntchito chonchija. Kalasi yonse zii, kumangomveka kupuma. Malilime kunja, guluu mpaka m'makutu. Zainab anamata nyenyezi zagolide kuzungulira koni yake, imodzi imodzi, ngati akusoka diresi la ukwati. Azakhali anasuzumira n'kundigwedezera mutu mosangalala. Ndinadzimva ngati nduna ya zamaphunziro. Iwo atapita kubanki, ndinatsogolera gulu lonse pamzere mpaka kukhitchini, aliyense n'kuika koni yake mufiriji ndi manja ake. Mumtima ndinkati ana saona patali, pofika mawa aiwala.

Sanaiwale. Madzulo omwewo foni ya azakhali inayamba kulira. Mayi wina akuti mwana akukana kugona, akufuna kuti kuche msanga. Bambo wina akufunsa ngati mawa kuli phwando, abweretse chiyani. Azakhali osamvetsa kanthu, mpaka pamene anatsegula firiji kuti atenge ndiwo n'kupeza makoni ali ndandanda pamwamba pa nkhuku. Apa m'pamene panabwera za sing'anga zija.

"Azakhali, inali njira chabe yophunzitsira..."

"Khala chete! Mwana wa achimwene iwe, bodza unayamwira kuti? Mvetsetsa. Mawa mwana mmodzi yekha akangolira chifukwa cha zimenezi, Loweruka ukagona ku Nkhoma." Anatenga buku la nyimbo, uyo ku kwaya.

Munthu wanzeru akanakonzeka zokapepesa anawo m'mawa. Ine ndinakonzeka zochita chozizwitsa. Azakhali amapanga mafirizesi a malambe ogulitsa kutchalitchi, ndiye zipangizo zinalipo. Ndinaganiza zongopatsa ana mafirizesiwo, koma ndinakumbukira nkhope ya Zainab. Ameneyo akanafuna koni yake yeniyeni, ya nyenyezi. Ndiye ndinanyika malambe, kusefa, kuthira shuga ndi mkaka waufa mosaumira. Ndinazula thonje pa koni iliyonse, kuimika makoniwo m'makapu, n'kuthiramo phala langalo mpaka pakamwa. Ndinaika zonse m'chipinda chapamwamba chija choumitsa, n'kutseka. Ndinagona ndikumwetulira, ndikuganiza kuti dziko lino silinandizindikire.

Zinthu ziwiri sindinaziganizire. Choyamba, pepala ndi madzi si pachibale. Chachiwiri, magetsi. Anathima ife titangogona, ndipo kunacha asanayake. M'mawa ndinaona ndithu kuti babu la pakhonde ndi lozima, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti firiji imasunga kuzizira ukapanda kuitsegula. (Sayansi ndinalemba nawo, zotsatira zake musandifunse.) Choncho sindinatsegule n'komwe. Ndinati chozizwitsa chionekere pamaso pa onse.

Tsiku limenelo palibe mwana anachedwa. Ena anabwera atavala za kuphwando. Tadala anabwera ndi supuni yakeyake ya kunyumba, mayi ake ali pambuyo, mayi wa suti amene amagwira ntchito ku City Centre, akuti aone kaye zimene mwana wawasowetsa nazo tulo. Ndinawaimika ana onse kutsogolo kwa firiji. Ndinawauza atseke maso, awerenge mpaka teni. Ndinakweza manja ngati mlaliki wa pamsika. Kenako ndinatsegula.

Khwaaa!

Mtsinje wa Lingadzi unasefukira m'khitchini. Makoni onse anali atafewa n'kugwa, makapu atapendama, malambe atasakanikirana ndi penti wotsalira pa mapepala, chinthu chake chobiriwira mwina chofiirira, mtundu umene ngakhale Mulungu sanaulenge. Chinatsika pa shelefu, kudutsa pa nkhuku ya azakhali, mpaka pa nsapato zanga. Timapepala tikuyandama ngati mabwato.

Kenako kamawu kakang'ono.

"Ankolo, wanga ali kuti? Anali ndi nyenyezi."

Anthuni, ndakalipiridwapo ndi ahedi pa asembule, sukulu yonse ikuonerera, koma sizinandipweteke ngati funso limenelo. Nyenyezi imodzi inali itamatirira pa nsapato yanga. Zainab anaiona. Pompo anatsegula sayirini, anzake onse n'kulandira ngati kwaya.

Onse kupatula Tadala. Iye anagwada, anatunga ndi supuni yake ija, kulawa, n'kukuwa, "Akukomaaa!" Kulira kunadukira pompo. Gulu lonse linagwera pansi, wina kunyambita chitseko cha firiji, wina shelefu, wina nsapato yanga. Ndikakoka uyu, uyo walowa. Pamene azakhali amafika akuthamanga, anapeza ana a mabwana ali chokwawa, malilime obiriwira ngati abuluzi, mayi ake a Tadala atagwira pamutu akufunsa ngati pentiyo ndi wakupha. (Sanali wakupha, pabotolo analemba kuti ndi wa ana. Koma tsiku lonse azakhali anakhalira kuimbira makolo mmodzimmodzi, kufotokoza chifukwa chimene mwana abwerere kunyumba ndi lilime lachilendo.)

Sanandikalipirenso. Anangondipatsa chokolopera. Loweruka anandiperekeza okha kudepoti, monga analonjezera, mpaka anadikira basi inyamuke kuti ndisatsike.

Ndiye pano ndili ku Nkhoma, manja ali ndi matuza. Ndikamapanga mizere m'mawa, nthawi ija magalimoto amafika pageti, ndimangomva m'mutu timawu tija, "Ankolo! Ankolo!" Kuno ndabwereranso pa "iwe".

Mwezi watha azakhali anabwera kudzaona bambo. Sanandiseke, sanandikwiyire, anangotulutsa kanthu m'chikwama n'kundipatsa. Koni yatsopano, yophwanyika pang'ono ndi ulendo, thonje lapinki, nyenyezi zagolide kuzungulira.

"Zainab ameneyo. Akuti firiji ya kusukulu ndi yowonongeka, ukayesere ya kwanu."

Ndinalowa m'nyumba mwachangu, ndinati m'maso mwalowa kachitsotso. Kenako ndinaijambula koniyo n'kuiponya pa intaneti, ndi mawu akuti: "Alipo ali ndi firiji kuno ku Nkhoma? Pali kasitomala akudikira."

Mnzanga wina amene tinkakhala desiki imodzi anayankha nthawi yomweyo: "Aise, usayambenso. Ana a ku 43 analira n'kunyambita pansi. Akwanuwo ukawanamiza akugenda."