Wayenda Wekha Kapena Wakankhidwa?

Aliyense amene anadikirapo minibasi pa Nathenje akuwadziwa a Gilibati okhoma zidebe, ndipo akulidziwa funso lawo: "Wayenda wekha kapena wakankhidwa?" Mbuzi ikakwera pakhonde lawo, ankaifunsa. Mvula ikabwera msanga, nayonso ankaifunsa.

Funsoli linachokera m'masewera amene anapeka okha. Anali ndi thabwa lojambulidwa timabokosi, zitsekerero za mabotolo, ndi dayisi yosema ku mtengo wa mango. Wosewera aliyense ankatenga chitsekerero n'kukhala munthu wina, uyu mlenje, uyu sing'anga, uyu wakuba, iwo n'kumasimba nkhani: "Muli m'dambo. Fisi uyo! Mutani?" Lamulo lalikulu linali lakuti chitsekerero chako chikachoka chokha pafupi ndi mdani, mdaniyo akumenya kumsana kwaulere. Ankachitcha chibakera cha banyira. Koma ukachoka chifukwa wina wakukankha, palibe wokukhudza.

Tsiku lina aphunzitsi a Jones, fisi atawapanikiza, anayetsemula dala, chitsekerero n'kuuluka.

"Mphepo yandikankha, a Gili."

"Mphepoyo yatuluka m'mphuno mwa yani? Bwererani, fisi sanadye."

M'minibasi mayi wina atawaponda a Gilibati phazi n'kunena kuti kondakitala wamukankha, iwo anati, "Pondaninso linali, mayi, mlandu si wanu." Kondakitalayo anamva ulaliki mpaka m'tauni. Atafunsidwa za ukwati wawo anati, "Ine ndinakankhidwa." Akazi awo, mayi Agnes, anayankhira m'nyumba: "Ndipo sindinamalize!"

Ine ndinkaseka nawo, koma maso ali kumsewu. Amuna anga a Efulemu, bambo a Tamanda, nthawi ya chipani chimodzi ankaima pageti la msika kubweza anthu opanda khadi. Zinthu zitasintha, onse amene anabwezedwa anawakumbukira. Tsopano amapikula tomato ku Mitundu panjinga, ndipo njira yobwerera kwathu imadutsa pakhonde pa a Gilibati pomwepo.

Loweruka lina masana ndinali pachigayo choyandikana ndi khondelo, Tamanda ali kumbuyo, ndinangoona a Yakobe ogulitsa nyama agwira kaliyala ya njinga yathu amuna anga akudutsa. Anthu anayamba kuzungulira. 

Ngwe! Ngwe! A Gilibati anamenya chidebe ndi nyundo.

"Efulemu! Pageti paja unayenda wekha kapena unakankhidwa?"

"Anati ndikakana ndikagona kuchitokosi, bambo."

"Mwamva? Wokankhidwa samenyedwa."

"Nanga mayi anga?" a Yakobe anakuwa. "Anawabweza ndi dengu pamutu, mwana akudwala kunyumba!"

"Zoona, ndinawaona ndi maso angawa. Chibakera chako ndasunga, Yakobe, sichiwola ngati nyama yako. Koma lero ndikusowa mlenje ndi sing'anga. Khalani pansi nonse awiri."

Anthu anaseka, ndipo munthu sangamenye bwino anthu akuseka. Anakhala. A Gilibati anawaika mbali imodzi, fisi pakati, n'kulengeza kuti osewera nkhani imodzi sakhudzana mpaka nkhaniyo ithe.

Nkhaniyo ndiye sinathe. Akapha fisi, kunkabwera mlamu wake wa fisiyo. Akawoloka mtsinje, mlatho unkagwa, chipewa cha mlenje chitatsala tsidya lija. Loweruka lililonse a Yakobe ankanola mpeni wawo, kuuika pambali, n'kumakuwa, "Sing'anga iwe, ndichize msanga, ukufuna ndife?"

Ndinapita kukawathokoza a Gilibati ndi dzungu. Anandiyang'ana akuwongola lata.

"Mayi a Tamanda, amuna anu pang'ono anakankhidwa, pang'ono anayenda okha. Inunso mukudziwa."

Ndinaika dzungu pansi n'kufunsa:

"Nanga nkhaniyi idzatha liti?"

"Afisi ndili nawo ambiri," anatero.

Anamwalira mvula ili pakati, chifuwa chitawavuta sabata imodzi. Anasiya mlenje ndi sing'anga ali m'phanga, njoka ili pakhomo. Pamaliro a Yakobe ndi bambo a Tamanda ananyamula bokosi mbali imodzi, osalankhulana.

Nathenje tsopano phokoso ndi la mahutala okha. Zidebe zodontha tikumata ndi sopo. Munthu akakuponda m'minibasi mumangotukwanizana basi. Ine sindikhazikika. Ndikamva anthu akukuwa kumsewu ndimathamanga ndi chipande m'manja, n'kupeza ndi nkhuku yathawa.

Dzulo a Yakobe anandiimitsa. Thabwa lija analipempha kwa mayi Agnes, lili pa benchi pawo pafupi ndi mpeni.

"Alamu, amuna anu mawa adutsa?"

Nkhope yawo sindinaimvetse. Lero m'mawa ndawapempha bambo a Tamanda kuti azungulire kudambo, akana. Akuti sangazungulire moyo wonse. Apopa njinga, apita ku Mitundu. Ine ndabereka Tamanda, ndatenga chimanga pang'ono, ngakhale ufa ulipo wodzaza chidebe, ndakhala pachigayo.