Chitseko Chimene Sichinkabweza Anthu

Anyamata ankalowa m'chipindamo mmodzimmodzi, koma wotuluka panalibe. Ine ndili pamzere, thukuta lili kamukamu. (Ndinali wamkulu pamzere wonsewo, ndevu zitayamba kale. Musaseke.)

Sukulu yathu ya m'mudzi kwa Nsamala inkathera Sitandade 3. Wofuna kupitirira ankayenera kusankhidwa kupita kusukulu yogonera ya kumishoni, ndipo kumeneko sankatola aliyense. Chaka chimenecho anasankha ine ndi mnzanga Fabiano basi. Atsibweni, alongo awo a mayi, ndiwo anatiperekeza wapansi.

Choipa chinayambira pasiteshoni ya Balaka, pamene tinapumira. Mayi wina wogulitsa chinangwa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mukukapereka kwa azungu mwana wonenepa chonchiyu? Chaka chino anamapopa avuta. Amayambira pachala."

Atsibweni anangoseka. "Ameneyu magazi ake ndi owawa, akawalavula."

Ine sindinaseke.

Titafika, aphunzitsi aakulu anati aliyense ayambe waonana ndi adokotala asanapatsidwe pogona. Ndiwo mzere uja. Ndinasuzumira pawindo. Munthu wa chovala choyera anagwira chala cha mnyamata, n'kubaya, n'kupaka magazi pakagalasi. Wansembe wachizungu ali chilili pambali, akugwedeza mutu ngati munthu wokondwa ndi zokolola.

Fabiano anali patsogolo panga. Analowa. Ndinamva "Mayo!" Kenako zii.

Sindinatsanzike. Ndinadutsa m'dimba la ansembe, kabichi ndikuponda, mpanda ndinalumpha, mpaka kudambo. Ndinadziponya m'tchire loyamba limene ndinaliona. Linali la chitedze.

Amene chitedze chinamuyabwapo akudziwa. Kukuwa sindikanatha, kuopa kugwidwa. Ndinavula malaya. Ndinavula kabudula. Ndinagubuduka m'matope ngati nguluwe, mano nditaluma. Amayi amene anabwera kudzatunga madzi anataya mitsuko, n'kuthawa akukuwa kuti aona chinthu. (Chinthucho ndinali ine, wophunzira wosankhidwa.)

Kukuwako ndiko kunabweretsa atsibweni.

"Iwe, ndiwe mwana wa mlongo wanga kapena ndi chiyani ichi?"

"Fabiano amupha."

"Vala."

Anandikoka padzanja mpaka kuseri kwa chipinda cha adokotala chija. Chipindacho chinali ndi chitseko china chakumbuyo. Anyamata onse anali pabwalo, atavala makhaki atsopano, kathonje pachala, akudya mbatata. Fabiano anandiona, mbatata n'kumugwa mkamwa.

"Achimwene, kodi inu anakupopani thupi lonse?"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Ngakhale wansembe uja anabisa nkhope m'ndevu.

Aphunzitsi aakulu anali munthu wabwino, ndisanamizire. Anadikira kuti phokoso lithe.

"Mwanawe, timangoyeza malungo. Malo ako alipobe. Koma wosayezedwa sagona pano. Lowa, upereke chala."

"Wamva?" anatero atsibweni. "Mayi ako auza kale mudzi wonse kuti abereka kalaliki. Ukabwerera, khasu likukudikira. Lowa!"

Ndinapita. Ndinafika mpaka pakhomo, matope akuuma pankhope, msana ukuyakabe moto. Adokotala anamwetulira, n'kupukuta singano.

"Bwera, mkulu. Sizipweteka iyayi."

Ndinatambasula dzanja. Apo m'pamene maso anga anagwera pashelefu ya kumbuyo kwawo. Panali botolo lalikulu, lodzaza mpaka pakhosi, lofiira psuu. (Anthu amati anali mankhwala opaka pazilonda. Fabiano, amene anadzapuma ntchito ali mphunzitsi wamkulu, amatero mpaka lero. Amatero iwowo. Ine ndinaona ndi maso anga.)

Dzanja ndinalibweza, n'kulipisa m'thumba.

"Iwe!" anakuwa atsibweni. "Ukupita kuti? Ndikulankhula ndi iwe!"

Ndinadutsa pakati pa anyamata a makhaki aja, ndinatuluka pachipata, n'kulowa njira ya kwa Nsamala ndikudzikanda.