Mphaka wa ku Sohag

Sunthani pang'ono mwana wanga ndikhalepo, tramu ya masiku ano imabwera ikafuna. Inu ovala buluu, ndakuonani, mukuyang'ana nsapato pafoni. Mwaziyesa? Simunaziyese. Ndiye bwezani foniyo m'chikwama mumve zimene zinatigwera kwathu ku Bakos, mwina mupulumutsa zala zanu zakuphazi.

Ine ndine Umm Raouf, ndiye kuti mayi ake a Raouf, kuno timaitanana choncho. Sukulu ndinangoiona denga ndili panjira. Ndimakhala ndi mwana wanga Raouf, mkazi wake Safinaz, ndi mdzukulu wanga Nermin, mtsikana woti akamwetulira ngakhale wogulitsa buledi amaiwala chenji. Nerminyo anapeza mnyamata, Hossam, wogulitsa mankhwala, waulemu, mano onse alimo. Vuto linali mayi ake a mnyamatayo, Madam Ensaf a ku Roushdy kwa anthu olemera, amayi oti akakupatsa moni amakupatsa zala ziwiri zokha, zinazo amasungira anthu.

Tsiku loyamba kukumana, Madam Ensaf ndi Safinaz mayi wa Nermin anakhala pa malo omwera khofi kugombe, aliyense akutukula mphuno. Madam Ensaf anatchula kuti kwawo ali ndi mphaka wa mtundu wa Shirazi, aja aubweya ngati thonje, nkhope yophwatalala ngati anawombana ndi chitseko. Mpongozi wanga Safinaz, pakamwa pake pamathamanga kusiya mutu kumbuyo, anangoti nafenso tili naye, ndipotu wathu sadya nsomba ya dzulo. Inu, tamverani. M'nyumba mwathu chamoyo cha miyendo yoposa iwiri chinali mphemvu basi.

Ndiye uthenga unabwera kuti Lachinayi banja lonse la mnyamata likubwera kudzawerenga Fatiha, pemphero lomangira chitomero, ndipo Madam akufunitsitsa kudzaona mphakayo. Mukudziwa inu, Fatiha ikapanda kuwerengedwa tsiku lomwe anthu abwerera, siwerengedwanso. Nermin anangoti ndwii kuyang'ana mayi ake.

Safinaz anazungulira masitolo a ziweto mu Alexandria muno, atamva mitengo anabwerako akupuma ngati wakwera nyumba yosanja. Kenako anapeza pafoni bambo wina wa ku Sohag, kumwera kutali uko, wodzitcha Dokotala Gaber, wogulitsa pa theka la mtengo. Chithunzi chake, Mulungu ndi mboni, kamphaka ngati mtambo, maso ngati mikanda. Ine ndinati mwana wanga, ife a kugombe timadziwa kuti nsomba sagula ili m'madzi, Raouf akwere sitima akaone kaye. Raouf anati Sohag ndi kutali, msana wake sulola. Safinaz anandiyankha mokoma, kukoma kuja kobaya.

"Mama, izi ndi za anthu owerenga. Inu mungotipempherera."

Chabwino. Ndinatseka pakamwa, ndipo kumbukirani kuti anandiuza okha.

Ndalama zinapita pafoni, ndipo mphaka ananyamuka monga amanyamukira katundu yense wa kumwera, pa minibasi, dalaivala kupatsira dalaivala mnzake. Ku Asyut anasinthidwa, ku Cairo anasinthidwa, ndipo paliponse Safinaz amaimba foni kufunsa ngati Sultana, dzina anali atamupatsa kale, akupeza mphepo yokwanira. Dalaivala womaliza, Usta Shehata, anauza Raouf kuti katundu wanu wandiimbira nyimbo njira yonse, ndipo nthawi ina mukadzafuna kutumiza mkango mudzanene.

Raouf analowa m'nyumba atanyamula chitatanga cha nkhunda, nthenga zikadali momwemo. Titatsegula munatuluka kanthu kotuwa ka mizeremizere, kowonda ngati chingwe choyanikira zovala, makutu ngati mleme, nkhope yaitali ngati ya mbuzi. Kanatiyang'ana tonse mmodzimmodzi, kenako kanakhala pansi nkuyamba kudzikanda utitiri.

Ine ndinafunsa mwaulemu ngati ameneyu ndi wantchito wa Sultana wotsogola ndi katundu.

Safinaz anaimbira Dokotala uja. Bamboyo sanadabwe nkomwe. Anati ubweya unathothoka ndi kutentha kwa kumwera, ukamva mphepo ya kunyanja umera. Nkhope nayo, anati, Shirazi weniweni amabadwa ndi yaitali, imaphwatalala akamakula, amene amabadwa yophwatalala kale ndi achinyengo. Atafunsidwa za chithunzi chija anati chimenecho ndi cha azakhali ake a mphakayo, kuti muone mtundu. Inu ovala buluu musaseke, nsapato zanuzo nazonso zili ndi azakhali ake.

Safinaz anakhulupirira, chifukwa munthu amene walipira kale amakhulupirira msanga kuposa wina aliyense. Anatsegula mazenera onse kuti mphepo ya kunyanja ilowe, ine chimfine chinandigwira, ubweya osamera. Lachitatu anati basi, ngati ubweya sukubwera tiufufumitsa umene ulipowo. Anasambitsa kamphakako ndi sopo wa tsitsi wa Nermin, uja wonunkhira maluwa, Raouf atagwira miyendo. Mwana wanga anatuluka m'bafa manja ali ngati wamenyana ndi waya waminga. Ndiye Safinaz anayatsa makina oumitsira tsitsi. Nthawi yomweyo wogulitsa gasi anagogoda, Nermin nkutsegula chitseko, ndipo Sultana anadutsa pakati pa miyendo ya munthuyo ngati chipolopolo, ulendo wa pansi.

Tsono pansi pa masitepe athu pamakhala fuko. Mnansi wathu wa pansi, Umm Ragab, amagulitsa nsomba, ndipo mitu ndi matumbo amatayira pamenepo, choncho amphaka onse a mu msewu wathu amaberekera pomwepo. Titatsika tinapeza tiana ta amphaka tambirimbiri, tonse totuwa, tonse ta mizeremizere, tonse ta nkhope ya mbuzi. Raouf anawalitsa tochi ya foni nkuitana kuti Sultana, tiamphaka tonse tinatembenuka. Anafunsa mkazi wake kuti wathu ndi uti, mkaziyo anati waulemuyo, Raouf anati palibe waulemu pano.

Nzeru inabwera yoti wathu adziwika ndi fungo la sopo. Abale anga, ndakhala zaka zambiri, ndinaona nkhondo, ndinaika mwamuna m'manda, koma sindinaonepo chokoma ngati mpongozi wanga, mwana wa akalaliki, atagwada pansi pa masitepe ndi ndolo zake zagolide, akunyamula amphaka mmodzimmodzi nkumanunkhiza. Onse ankanunkha nsomba. Wathuyo anali atagubuduka kale pa matumbo, kubwerera ku chipembedzo cha makolo ake.

Safinaz atadzuka anaona pawindo la Umm Ragab pali mphaka wina wonenepa, wa ubweya wautaliko pang'ono, akuwodzera. Anati ndi ameneyu, mphepo ya kunyanja yagwira ntchito. Raouf anati koma wathu anali wamng'ono, komanso wotuwa, uyu ndi wofiirira. Safinaz anamuyang'ana kamodzi kokha, Raouf nkuvomera kuti mwina ndi kuwala. Ine mphakayo ndimamudziwa bwino, ndi Zaatar, mwana wokondedwa wa Umm Ragab, amagona naye pabedi limodzi. Koma izi zinali za anthu owerenga. Safinaz anamunyamula nkukwera naye, ine ndinangopemphera.

Lachinayi nyumba inawala. Mapulasitiki anachotsedwa pa mipando ya alendo, ine kukhala koyamba kuona mtundu wake weniweni. Zaatar anapesedwa, anathiridwa mafuta onunkhira, anamangidwa riboni ya pinki ngakhale ndi mwamuna, mwamuna wooneka ndithu. Alendo anafika, bambo ake a Hossam, amalume ake, ndi Madam Ensaf atavala diresi yoyera ngati mkaka. Mphaka anaikidwa pa khushoni pakati pa chipinda. Madam anamuyang'ana nthawi yaitali, Safinaz thukuta likutsika m'khosi. Amuna anakambirana zawo, za nyumba, za golide wa mkwatibwi, anagwirizana. Nermin analowa ndi thireyi ya matambula a sharbat, chakumwa chofiira cha pachikondwerero, nkuima pambali kudikira. Amuna anatambasula manja kuti ayambe Fatiha.

Pamenepo mawu anakwera masitepe, mawu aja ogulitsira nsomba kuchokera tsidya lina la msika.

"Zaataaar! Uli kuti mwana wanga?"

Mphaka anaimika makutu. Anadumpha pa khushoni, kuponda pa thireyi, matambula onse nkukhuthukira pa diresi ya Madam, iye ulendo kukakanda chitseko akulira. Umm Ragab sanadikire kuitanidwa. Analowa ndi epuloni yake ya mamba, ananyamula mphaka wake, anamununkhiza, nkutembenukira kwa Safinaz.

"Umm Nermin, ndakulakwirani chiyani? Usiku wonse sindinagone. Mwandibera mwana, mwamuveka riboni, mwamununkhiritsa ngati wovina pa ukwati. Ameneyu ndi bambo wa theka la amphaka a mu msewu uno. Akaonekera bwanji kwa akazi ake?"

Anatuluka akutukwana mpaka pansi. Bambo ake a Hossam anabweza manja pa mawondo nkuyang'ana akazi awo. Amalume anayamba kufunafuna makiyi a galimoto. Nermin anathawira kukhitchini, ndimamumva akulira, ndipo kulira kwa mwana ameneyo kunandilowa m'chiwindi. Safinaz anatsegula pakamwa, ndinaona bodza lina likukwera pakhosi, ndiye ndinati ayi, lero osawerenga alankhuleko.

Ndinawauza zonse Madam Ensaf. Ndinati mayi, mphaka tinalibe, tinachita manyazi ndi inu, tinagula pafoni kwa munthu amene sitinamuone, anatitumizira mbuzi. Mtsikanayo alibe mlandu, ndipo iye mwamuona ndi maso anu, si wa pachithunzi. Madam anali akupukuta diresi ndi kansalu. Anasiya kupukuta. Anafunsa motsitsa mawu kuti munthuyo ndi wa kuti. Ndinati wa ku Sohag.

"Dokotala Gaber?"

Safinaz anagwedeza mutu. Madam anatsegula chikwama, anatulutsa foni, nkutionetsa mphaka wawo, chimphaka chachikulu chotuwa, nkhope yaitali ngati ya hatchi, chitakhala pakhonde lokiyidwa. Amuna awo anati chaka chachitatu tsopano akudikira kuti nkhope iphwatalale, ndipo alendo akabwera amauzidwa kuti mphaka wapita kokameta. Madam anawauza kuti akhale chete, koma mapewa awo anali atayamba kale kugwedezeka, ndipo atayamba kuseka anaseka mpaka utoto wa m'maso unatsikira m'masaya. Anati anabwera ndi mantha kuti akaona Shirazi weniweni kuno, nafenso tidzafuna kukaona wawo.

Anadzuka okha, diresi ili yofiira ngati wochokera kophera ng'ombe, kukamutenga Nermin kukhitchini. Fatiha inawerengedwa, ine ndinaimba nthungululu mpaka Umm Ragab anamva pansi, ndipo ngakhale anali wokwiya anayankha yake, poti mwambo ndi mwambo.

Mukufunsa za Sultana? Alipo. Ali pansi pa masitepe, kungoti palibe akudziwa kuti ndi uti. Ndiye m'mawa uliwonse Madam Safinaz amatsika ndi mbale yaikulu ya chiwindi cha nkhuku kukadyetsa fuko lonse, kuti wake amene anagula asagone ndi njala. Mbiri yafika mpaka ku misewu ina, amphaka akubwera ndi abale awo. Dzulo ndinamuuza kuti mwana wanga, unafuna mphaka mmodzi wa mtundu, Mulungu wakupatsa mtundu wonse. Eya, tramu ija ndi iyo, ndigwireni dzanja inu ovala buluu, ndipo musandiponde ndi nsapato zakalezo, zikadali zabwino.