Mandasi m'mabuku a mzungu

Lolemba

Mtima suli m'malo. Mlamu wanga Esinati wandipeza ndikukazinga mandasi, maso ali psuu. Katoni ya mabuku ija anandipatsa mwezi watha, akuti sinali yotaya! Abwana ake, mzungu wa ku France amene amamugwirira ntchito ya m'nyumba, aimba foni ali ku ulendo. Akubwera Lamulungu, katoniyo akaipeze.

Koma anaisiya kukhomo la kukhitchini. Chinthu chikaikidwa kukhomo la kukhitchini n'cha antchito, ndani sadziwa? Ine ndakhala ndikung'amba tsamba limodzilimodzi kukulungira mandasi pa siteji. Pepala lake labwino, silidontha.

Mabuku athunthu atsala ochepa. Ena zikuto zokhazokha.

Esinati akuti, "Alamu, ntchito yanga ili m'manja mwanu."

Ndaganiza chonchi: nditolere mapepalawo kwa makasitomala, ndisite, ndimate, ndisoketse. Mzungu sangaone tsamba lililonse. Kapena angaone?

Lachiwiri

Lero ndiye ndawayang'anitsitsa mabukuwo. Mawu ake ndi Chifalansa, pamene ine Chingerezi chomwe chinandisiya ku pulayimale. Koma zithunzi zikumveka. Muli bambo wina wabuluu, makutu anayi, mphuno alibe, wachokera ku nyenyezi kudzateteza dziko lathu lino. Ndawatcha a Makutu. Mbale zikuluzikulu zikutsika kumwamba zikulavula moto, iwo n'kumazibweza ndi chifuwa. Buku lonse sindinawaone akudya. Ali ndi abale kuno? Akadwala amawadikirira ndani?

Amene ndikukumbuka kuti anagula mandasi:
Che Jafali okhoma zidebe
mayi a Chikondi
a Gama, alonda a pa chigayo
makondakitala onse a pa siteji. Ambuye thandizeni!

Lachitatu

Che Jafali andipatsa mapepala angapo, opukutira kale manja a dzimbiri.

Mayi a Chikondi: "Amayatsa bwino mbaula, muli nawo ena?"

Kondakitala wina akuti ndikafunse ngalande za ku Chirimba, iye amaponyera pawindo.

A Gama tsamba lawo anamata pakhoma, lija a Makutu anyamula phiri ndi dzanja limodzi. Akana. "Ameneyu amandilondera ndikamawodzera." Ndawanyengerera ndi mandasi otentha. Adya. Akanabe.

Lachinayi

Makasitomala achepa. Zamveka kuti ndikutolera mapepala ogwiridwa ndi anthu kuti ndikapangire mankhwala a bizinesi. Ine, munthu wa kwaya! Mayi wina wagula, wakana pepala, wamanga mandasi pa chitenje. Bambo wina wadyera pomwepo, watulutsa machesi, watentha pepalalo ndikuona. A Makutu anali pa pepalalo.

Madzulo ndasita omwe ndatolera. Makala anachuluka m'simbi. Pa tsamba limene nkhope yawo imaoneka bwino, makutu atsala awiri.

Mutu ukuwawa. Mwina ndi BP.

Lachisanu

Ndamata ndi phala la chinangwa. Manambala a masamba anapita ndi mafuta, ndiye ndasanja mmene zinthu zimayendera: poyamba moni, kenako kukangana, kenako nkhondo, maliro kumapeto.

Ndapita nawo kwa telala wa ku Congo kuseri kwa msika kuti asoke ndi makina. Iye Chifalansa amachidziwa. Waseka mpaka kutsokomola. Akuti ndasakaniza mabuku osiyanasiyana. Amene ndamuika m'manda ndi amene anapambana, ndipo moni wangayo ndi mdani akulengeza kuti dziko litha mawa.

Ndamufunsa ngati linathadi. Akuti tsamba lonena zimenezo palibepo. Ndikukayikira mbaula ya mayi a Chikondi.

Wasokabe. Singano yathyoka.

Loweruka

Nyerere!! Phala, mafuta, shuga. Zaitanizana Ndirande yonse, katoni ili bii. Ndayanika mabuku padenga kuti zithawe, ndapsinja ndi miyala. Mphepo ya masana yanyamula limodzi kukaliponya kwa aneba, kumene kuli agalu. Chabwerako chikuto.

Bambo a m'nyumba: "Bwanji osangomuuza zoona mzunguyo?" Akunena lero! Sabata yonse amangodya mandasi otsala.

Esinati wabwera kudzatenga katoni. Yapepuka kwambiri, ndiye pansi ndayalapo manyuzipepala kuti ioneke yodzaza. Wanunkhiza, wandiyang'ana, wasenza.

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve.

Esinati wafika madzulo ndi chikwama cha zovala zake. Akuti abwana sanakalipe. Anakhala pansi pa simenti n'kumatsegula pang'onopang'ono, zala zili noninoni. Mabukuwo anawagulira ndi bambo awo iwo ali mwana, ndipo bambowo anamwalira. Atafika pa manyuzipepala aja anangoti, "Pita kaye kwanu, ndidzakuitana." Tonse tikukudziwa kuitana kumeneko.

Bola akanakalipa. Bola ndikanangokulungira m'makope akale a ana asukulu ngati anzanga.

Mawa Esinati akuyamba bizinesi. Ya mandasi, akuti ndi imene waionera pafupi. Malo wapeza tsidya la msewu, moyang'anana ndi ine. Wapempha kuti ndimubwereke chiwaya changa chachikulu.

Ndachitsuka kale.