Tsiku Lomwe Ndinadya Ndakatulo Yanga

Ku Kanjedza kuno ena amanditcha a Chimezamapepala. Ine sindiyankha. Koma lero ndifotokoze ndekha, chifukwa amene akuwanditsa nkhaniyi akuipotoza, pomwe iwowo sanalembepo ngakhale mzere umodzi.

Ndinayamba kulemba nthawi ya chipani chimodzi, ndikugwira ntchito kufakitale ina ya sopo ku Makata. Masiku amenewo mlakatuli samatchula munthu. Ukafuna kunena akuluakulu, umanena za chiswe kapena mvula yokana kugwa, wakumva amve yekha. Tinalipo anayi amene tinkakumana kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, ndipo lamulo lathu linali limodzi: lemba papepala lopyapyala, kazitape akatulukira umeze. Ndakatulo yanga yaikulu, ya chiswe chodya mitengo ya denga mwininyumba ali kalikiliki kuvina, ndinailemba papepala lokulungira sopo n'kuibisa m'chitini cha misomali. Inakhalamo zaka ndithu, ndipo kope lina kunalibe.

Matipate atabwera, alakatuli anachuluka ngati maminibasi a ku Limbe. Loweruka lina kunali mkumano wawo muholo ina ku Chichiri. Akunyumba anati, "Pitani mukaiwerenge, a bambo a Tadala. Mwatitopetsa nacho chitini chanucho."

Ndinapita nditavala tayi. Ndinapeza anyamata ndi asungwana akukuwa pamaikolofoni, kutchula nduna dzina ndi dzina, uyu wakuba, uyo wabodza, anthu n'kumangoseka. Mtima unandiwira (ndimapsa msanga, zimenezo sindibisa). Mtsikana woyendetsa mwambo atandiitana, ndinayamba ndi kuwauza zoona.

"Inu simukulakatula, mukungotukwana mondondozana. Ife tinkalemba tikudziwa kuti ndende ili kuseri komweku."

Kenaka ndinafunyulula pepala langa. Ndime yoyamba, holo yonse zii. Ndinamva kukoma. Ndili pakati pa ndime yachiwiri, maso anga anagwa pa bambo wina kumbuyo: jekete yakuda, magalasi akuda, kabuku m'manja. Ndikanena mzere, iye kulemba. Ndikanena wina, kulembanso. Basi anaimirira n'kuyamba kubwera chakutsogolo, akutsata khoma pang'onopang'ono.

Mutu wanga unkadziwa kuti tili m'matipate. Dzanja silinkadziwa. Ndinangozindikira pepala lili m'kamwa.

Abale, sopo wakale sakalamba. Kuphatikiza ndi dzimbiri la misomali, ndinaona nyenyezi masana. Maikolofoni inali chitsegulire, ndiye holo yonse inkamva ndikutafuna ngati mbuzi yaba katoni. Thovu linayamba kutuluka m'mbali mwa pakamwa.

"Bambo, muli bwino?" anafunsa mtsikana uja. "Kapena ndi mbali ya ndakatuloyo?"

Anyamata ena anayamba kuwomba m'manja (ankaganiza kuti ndabweretsa sitayilo yatsopano). Ine ndinameza kawiri, misozi ili mbwee. Wamagalasi uja atafika ndinamugwira jekete pakhosi.

"Pitani mukawauze okutumaniwo! Umboni mulibe!"

"Pepani achimwene, ndisiyeni kaye khosi," anatero mwaulemu. "Ine ndine Malunga. Ndikusonkhanitsa buku la ndakatulo zolembedwa mobisa nthawi ija. Magalasiwa ndavala chifukwa andichotsa ng'ala dzana. Ndayenda kuchokera ku Nsanje mpaka kuno, yoposa iyi sindinaimve. Ndimabwera kudzapempha pepalalo kuti tilijambule, likhale patsamba loyamba. Lili kuti?"

Ndinaloza pamimba.

A Malunga anavula magalasi, anandiyang'ana ndi diso labwinolo, n'kuvalanso.

Anandipempha kuti ndikailembenso. Ndinati zosavuta zimenezo. Sabata yonse ndinakhala patebulo, koma chiswe chija chinakana kubwera. Ndikati ndilembe za denga, ndimangopezeka ndatchula khansala wathu ndi msewu wake wa maenje, dzina ndi dzina, chimodzimodzi ana aja ndinawadzudzula. Ndinapita nayo kwa a Malunga choncho. Anawerenga n'kupukusa mutu.

"Ndi yabwino, achimwene, koma ndi ya chaka chino. Mulibe mantha m'menemu."

Ndinafuna kuwakalipira, koma amanena zoona. Ndakatulo ija inalembedwa ndi munthu woyang'ana kumbuyo, ndipo munthu ameneyo anatha tsiku lovotera matipate.

Buku linatuluka. Patsamba loyamba pali ndime imodzi ndi theka, zomwe a Malunga anafulumira kukopera m'kabuku kawo, ndipo pansi pake analemba kuti: zotsalazo mwiniwake anadya. Akunyumba amati ndinawachititsa manyazi mpaka kutchalitchi. Ine ndimati awerenge bukulo bwino. Olemba enawo akungofotokoza mmene zinalili, amene anaonetsa poyera ndi ine ndekha, ndipo tsamba limene anthu amayamba kutsegula ndi langa.

Mpaka lero ndimalemba papepala lopyapyala, chifukwa zandale za kuno sizidziwika. Kungoti la sopo ndinasiya.