A Nakhumwa, Mbava ya Zivundikiro

Pa Boma la Mulanje panalibe wosadziwa kuti a Elson Nakhumwa ankaba zivundikiro za ndowa, ndipo ankaba m'nyumba imodzi yokha: mwawo momwe.

Kale ankasamalira maluwa ku esiteti ya tiyi, komwe anaonako alendo akuponya timbale tapulasitiki m'madengu achitsulo, ati gofu wa mbale. Atapuma ntchito anatolera madengu asanu ndi anayi akutha otholera tiyi n'kuwamangirira pamitengo kuzungulira bwalo la kuseri kwa msika, loyamba pafupi, lomaliza kutali uko kumtsinje. Lamulo linali limodzi: ponya chivundikiro mpaka chilowe m'dengu, ukatero pita pa lina.

Musaganize kuti mkuluyo anangopenga. Akazi awo, a Anesi, anapezeka ndi shuga, miyendo ikutupa, ndipo kuchipatala anawachenjeza kuti akapanda kumayenda tsiku lililonse adzataya mwendo. A Anesi anakana kwamtuwagalu. "Ndizingoyenda popanda kopita ngati wamisala? Anzanga a ku Mvano anditi chiyani?" Mawa lake chivundikiro choyamba chinasowa. Msika wonse unkadziwa chifukwa chake, kupatula mwini miyendoyo.

Ndiye m'mawa uliwonse zinali zomwezo. A Anesi akati atunge madzi, ndowa ili kukamwa yasa. Chitenje m'chiuno, ulendo wa kubwalo, mawu atatsogola.

"Inu abambo a Brenda! Munthu wa imvi, wa zidzukulu, kuba chivundikiro! Bweretsani!"

"Mwafika bwino, amake Brenda. Masewera osavuta awa, ngakhale wongoyamba kumene amatha. Taonani."

Ankadikira mpaka mkaziyo atatambasula dzanja, kenako fyuu, chivundikiro chija chauluka. A Anesi ankawalondola dengu ndi dengu, akutukwana mtundu wonse wa a Nakhumwa kuyambira agogo awo amene anawoloka kuchokera ku Mozambiki. Pofika kumtsinje thukuta lili kamukamu, amunawo ankawapatsa chivundikirocho ndi manja awiri, mwaulemu ngati akupereka chopereka.

Chimene chinkawawa kwambiri n'chakuti munthuyo kuponya sankatha n'komwe. Zaka zisanu ndi chimodzi akusewera, koma chivundikiro chinkapita kumene chafuna chokha. Chinagwerapo m'nandolo wa mayi Esteri amene anamuyanika pamphasa, nandolo n'kumwazika bwalo lonse. Amene anagwada kutola anali a Anesi, manyazi atawagwira, mwini mlandu ataima poteropo akufotokoza kuti vuto ndi mphepo yochokera kuphiri.

A Anesi anayesa zonse. Anamanga zivundikiro ndi waya, bambo aja anatenga lichero. Anabisa lichero, bambowo anatenga chivundikiro cha poto wa pa ukwati wawo. Apo ndiye moto unabuka, mpaka anakaitana mkulu wa mpingo, a Robson, munthu wofatsa wosadziwa kukweza mawu, kuti akawadzudzule. A Robson anafika pabwalo Baibulo lili m'khwapa.

"Achimwene, mayiwa akudandaula."

"Ndamva, akulu. Koma musanaweruze, taponyani kamodzi."

Anaponya, chinalowa. Madzulo a Anesi anawapeza a Robson pa dengu lachisanu, jekete atavula, Baibulo atalisungitsa kwa wogulitsa nthochi. Sabata imeneyo a Anesi sanawayankhe moni kutchalitchi.

Koma miyendo inaphwa. Anamwino ankawayamikira kuti mayi mukumvera malangizo, iwo n'kuyankha mokalipa kuti sanamverepo chilichonse, angokwatiwa ndi mbava basi.

A Nakhumwa anamwalira mu Juni chaka chatha, nthawi ya chiperoni, atangodwala masiku atatu. Pamaliro a Anesi analira, koma ngakhale kulira kwawoko kunali kokalipa. "Wodwala ndine! Inu mwatsogola bwanji, wosamwa ndi panado yemwe?"

Zitatero ndowa zonse zinakhala zovundikira. A Anesi ankangokhala pakhonde, miyendo n'kuyambanso kutupa. Patatha milungu itatu, m'mawa wina anamva odi. Anali a Robson, chipewa chili m'manja, maso ali pansi.

"Pepani mayi, ndabwera kudzaba chivundikiro."

"Mwati chiyani?"

"Malemu anandisiyira mawu kuchipatala. Anati ndizikuberani m'mawa uliwonse, ndipo ndisakubwezereni mpaka kumtsinje. Anati mukakhala pansi mwendo upita. Koma ine kuba sinditha, ndiye ndati ndipemphe."

A Anesi anayang'ana mapazi awo otupawo. Kenako anadzuka.

"Zaka zisanu ndi chimodzi! Munthu kundithamangitsa ngati mbuzi pamaso pa msika wonse, osandiuza! Ndipo nonsenu mumadziwa?"

"Timadziwa, mayi."

"Akanakhala moyo akanandiona lero." Analowa m'nyumba, natuluka ndi chivundikiro, n'kuwakankhira a Robson pachifuwa. "Tsogolani. Wakuba wanji woodira."

Mpaka lero amayenda, madengu onse asanu ndi anayi, a Robson patsogolo, iwo pambuyo. Mwendo ulipo. Koma bwalolo lazizira. Amayi a mumsika ankadziwa kuti seveni koloko yakwana akamva mtundu wa a Nakhumwa ukutukwanidwa, pano amachita kuyang'ana pafoni. Nandolo amauma mwamtendere, ndipo palibe amene akukondwa nazo.

Tsiku lina mayi Esteri analephera kupirira. "Koma amake Brenda, mwangoti zii bwanji? Tawakalipiraniko a Robsonwa, timveko."

A Anesi anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Ndi mwamuna wa eni ake uyu. Munthu umakalipira wako."