GPS ya Ndege pa Bwato la Atate

Lolemba

Yafika! Msuweni wanga wa ku Lichinga wanditumizira GPS yogwira m'manja, yakale ndithu, yotchipa. Akuti inali ya piloto wa tindege ting'onoting'ono. Ndege kapena bwato, njira ndi njira basi.

Nkhani ndi iyi: maso a atate ayamba kuchita chifunga. Chirundu chathu, mwala wa pansi pa nyanja pomwe utaka umasonkhana, amachidziwa okha poyang'ana mapiri a kumtunda. Maso akangozima, chirundu chapita, ana adya chiyani? Mawa ndipita nawo, aloze, ndidine batani, makina asunge malowo. Akatero azipuma pakhonde. Mutu uwu!

Lachiwiri

Tili pamadzi. Ndayatsa. Pagalasi pakuoneka kandege, bwato palibe. Makina akuti tili mamita mazana anayi ndi kanthu m'mwamba. M'mwamba! Chonsecho kabudula wanyowa.

Alamu anga a Saide, nkhafi ili m'manja: "Ndiye tikagwa, tigwera kuti?"

Atate akuti lero mapiri sakuoneka bwino. Tabwerera.

Lachitatu

Zomwe makinawa akudziwa:
bwalo la ndege la ku Lichinga,
la ku Likoma,
liwiro lathu, lochititsa manyazi.
Zomwe sakudziwa: mudzi wathu wa Chiwanga, utaka, ine.

Akungolira pi-pi-pi osapuma. Ndaimbira msuweni. Akuti makinawo akundichenjeza kuti ndayandikira pansi kwambiri, ndikwere msanga. Ndikwere chiyani, mtengo wa mango?

Lachinayi

Atate aloza: "Apa." Ndadina, mtima uli m'malo. Taponya chilimira, ukonde wathu wa utaka. Zotuluka: nkhono ziwiri ndi patapata limodzi, lakumanzere.

Kumtunda mbiri yawanda kale kuti ndagula chiwongolero cha ndege za afiti. Mayi a ana akuti kumjigo anzawo akuwapatsa malo mwaulemu wokayikitsa. Pilya, mabatire a makinawa, nazo zatha. Ndachotsa za m'wailesi, nkhondo m'nyumba.

Lachisanu

Titatuluka kumzikiti tapitanso. Atate: "Dzulo ndinaphonya, ndi apa." Kutalitali ndi pa dzulo! Ndadina. Ukonde wabwera wopanda ngakhale mamba.

Ndapsa mtima, ndawakalipira pamaso pa alamu. Atate akungosisita m'mphepete mwa bwato.

Loweruka

Mwera, palibe wolowa m'madzi. Ndikusoka ukonde kuseri kwa nyumba, ndipo atate sakundiona. Akuuza a Saide motsitsa mawu: "Pamalopo sindinaiwale ayi. Koma pakangolowa m'kabokosi kaja, adzanditenganso ndani pabwato?"

Singano yandibaya chala. Kalanga ine! Ndimati ndikuwapumitsa, kani ndikuwaika pakhonde ngati mphasa yakutha.

Lamulungu

Nyanja yagona. Ndauza atate kuti makina afa, munalowa madzi. Bodza, ali moyo, ndawakulunga m'chitenje pansi pa bedi.

Atate: "Pepa mwanawe, zinthu za masiku ano sizilimba." Pepa wakeyo akumwetulira mpaka m'makutu. Avala kofia msangamsanga, ndawagwira dzanja mpaka m'bwato.

Chirundu sichinasungidwe. Tsiku lina chidzatisowa, ndikudziwa, ndipo mantha ndili nawo. Koma lero akhala kutsogolo, akutsinzinira mapiri, akutilalatira kuti tikupalasa ngati anthu a ku Maniamba, osadziwa nyanja.

Ndipalase basi.